Kujambula galu: konzani zonse musanamuitane

Munthu akabwera kwa wojambula ndi galu wake, amakhala kuti mufoni mwake muli kale zithunzi za galuyo zosawerengeka. Mukaziona zimafanana zonse: chimutu chachikulu, timiyendo tating'ono, maso akuyang'ana kumwamba ngati akupempha, ndipo m'mphepete mukuoneka nsapato za wojambulayo. Chimene akufuna kwa inu ndi chithunzi choti akachipachika pakhoma, aliyense womudziwa galuyo anene kuti, "Eyaa, ndi yemweyu." Chithunzi chotere chimatoledwa m'kanthawi kochepa kwambiri. Galu amakupatsani chidwi chake kwa mphindi zowerengeka basi, kenako fungo lina lamukoka, kapena watopa, lilime lili panja. Mukathera mphindi zimenezo mukupotokola mabatani a kamera, mubwerera ndi zithunzi za mchira. Choncho ntchito yaikulu imachitika galu asanadziwe n'komwe kuti lero ajambulidwa.

Yambani ndi mwini wake

Kudakali masiku angapo, chezani ndi mwini galu. Mufunseni zaka za galuyo, zimene amaopa, mawu amene amamvera monga "khala", "gona" kapena "dikira", ndiponso ngati pali zakudya zimene sizimuyanja. Mafunso awiri musachite nawo manyazi: kodi analumapo munthu, ndipo kodi analandira katemera wa chiwewe? Nkhope yanu ikakhala pafupi ndi mano ake, ndiye muyenera kudziwa. Funsaninso kuti, "Kodi amachita chiyani chimene inu chimakusangalatsani?" Wina anena za khutu limodzi limene limagwa linzake litaimirira, wina za momwe amapingasira miyendo yakutsogolo akagona. Yankho limenelo ndiye chithunzi chimene mukukasaka.

Mupempheni kuti amupese dzulo lake, ayende naye kwa mphindi 20 kapena 30 musanakumane kuti mphamvu zochuluka zichepeko, ndipo asamukhutitse. Galu wokhuta sacheukira chimene muli nacho m'manja. Abwerenso ndi chingwe chopyapyala cha mtundu wosaonekera patali, chifukwa malamba okulunga chifuwa chonse aja amabisa thupi la galu ndipo kuwafufuta pakompyuta ndi chintchito.

M'chikwama chanu, kuwonjezera pa mabatire awiri ndi makhadi, muikemo kansalu kopukutira manthongo ndi dovu, madzi ndi kambale, mpira, kachidole kolira kakafinyidwa, ndi tizidutswa ta nyama yophika tosaposa chikhadabo cha chala chaching'ono. Chokoleti, mphesa zaziwisi kapena zouma, anyezi ndi chilichonse chotsekemera ndi xylitol ndi poizoni kwa galu, zisapezeke m'thumba lomwelo. Mpira ukhale wabuluu kapena wachikasu. Kafukufuku wa Jay Neitz ndi anzake mu 1989 anasonyeza kuti maso a galu amazindikira mitundu m'magulu awiri okha, osati atatu ngati athu. Buluu ndi chikasu amaziona bwino, koma chofiira ndi chobiriwira sazisiyanitsa kwenikweni. Mpira wofiira umene inu mukuuona psuu pa kapinga, kwa iye walowerera mu udzu.

Malo ndi kuwala

Fikani msanga, nokha, muyendere malowo. Mukufuna zinthu ziwiri: kuwala kofewa, ndi kumbuyo kopanda zosokoneza. Kuwala kofewa kumapezeka m'mawa dzuwa litangotuluka, madzulo litapendeka, tsiku la mitambo, kapena m'mphepete mwa mthunzi wa nyumba pomwe galu ali mumthunzi koma akuyang'ana kowala. Dzuwa lili paliwombo musayese n'komwe. Maso amalowa mumdima pansi pa zikope, ubweya wa pamsana umanyezimira mopyola, ndipo nthaka yotentha imawotcha mapazi. Agalu a mphuno zophwatalala monga pug ndi bulldog savuta kubanika kukatentha, chifukwa galu amadziziziritsa popuma wefuwefu ndipo iwo njira ya mpweya ndi yopanikizika kale. Mthunzi wa mtengo wa masamba apatalipatali nawonso ndi msampha: umasiya mawanga a dzuwa pankhope amene simudzatha kuwachotsa.

Kumbuyo kukhale kutali ndi galu, mamita 5 kapena kuposa. Mpanda kapena tchire zikatalikira zimasungunuka n'kukhala mtundu chabe. Ngati mukujambulira m'nyumba, muikeni pafupi ndi zenera lalikulu, kuwala kukubwera cham'mbali, ndipo muzimitse magetsi a kudenga kuti mitundu ya kuwala isasakanikirane.

Fulashi ya pamwamba pa kamera isiyeni. Kuseri kwa diso la galu kuli kachikopa kotchedwa tapetum lucidum, kamene kamabweza kuwala kuti aziona bwino usiku. Mukamuwalitsa molunjika, maso amatuluka obiriwira kapena achikasu ngati a chilombo cha m'tchire, ndipo chida chochotsera maso ofiira a anthu sichithandiza pamenepo. Ngati muli mu situdiyo, fulashi ikhale pambali, yokutidwa ndi softbox, kabokosi kofewetsa kuwala, ndipo muyambe mwaiphanimitsa kangapo ili kutali, mukumupatsa kanyama nthawi iliyonse, muone ngati akudzidzimuka.

Tcherani kamera galu adakali m'manja mwa mwini wake

Choyamba ndi shutter speed, nthawi imene kamera imatsegukira kuwala potola chithunzi. Galu amene akuoneka kuti wakhala phee sanakhale phee: mphuno ikugwedera, mutu ukutembenuka pang'ono. Musatsike pansi pa 1/500 ya sekondi. Wothamanga amafuna 1/1000 mpaka 1/2000. ISO, imene imawalitsa chithunzi kuwala kukachepa, ilekeni ikwere mmene ifunira, ngakhale kufika 3200 pa makamera a masiku ano. Timadontho ta ISO yokwera timachepetseka pakompyuta, koma diso logwedezeka palibe amene angaliwongole.

Aperture, kukula kwa kabowo kolowera kuwala mu lenzi (nambala ya f ikachepa, kabowoko kamakula), ndi pomwe ambiri amene anazolowera kujambula anthu amagwera. Nkhope ya munthu ndi yafulati poyerekeza ndi ya galu. Mukatenga lenzi ya 85mm pa kamera ya full frame (ya sensa yaikulu), mwaitsegula pa f/1.8, galu ali mita imodzi ndi theka kuchokera pomwe muli, malo ooneka bwino amangokwana masentimita atatu. Kuchokera pa diso la German Shepherd kufika kunsonga ya mphuno pali masentimita oposa 10. Zotsatira zake: maso ali ngwee, koma pakati penipeni pa chithunzi pali chibulu chakuda chachimbuuzi. Ngati galu akuyang'ana kwa inu ndipo mukujambula mutu wokha, yambani pa f/5.6. Pa agalu a mphuno zazifupi, kapena pojambula thupi lonse muli chapatali, f/2.8 imachita bwino. Njira ina ndi kudikira atembenuzire mutu kumbali, kuti diso ndi mphuno zikhale pamtunda wofanana kuchokera pa kamera.

Lenzi yaitali, ya pakati pa 70mm ndi 200mm, imakupatsani mpata woti musamupanikize galu, ndipo sikulitsa mphuno. Ya 24mm mutayandikira imapanga chimphuno chachikulu ndi timakutu tating'ono. Nthawi zina n'zoseketsa, ndipo chithunzi chimodzi chotere sichilakwika, koma si chimene munthu amapachika pabalaza.

Fokasi ikhale yotsatira chinthu choyenda, imene pa Nikon ndi Sony imatchedwa AF-C ndipo pa Canon ndi Servo. Kamera ikasiyidwa kuti isankhe yokha imathamangira chapafupi, ndiye mphuno. Makamera atsopano amadziwa kusaka diso la nyama: Sony inabweretsa zimenezi pa a7 III ndi a7R III mu 2019, Nikon inatsatira pa Z6 ndi Z7 kumayambiriro kwa 2020, ndipo Canon inaziika mu EOS R5 ndi R6 chaka chomwecho. Ngati yanu ili nazo, ziyatseni, koma musazikhulupirire ndi mtima wonse. Pa galu wakuda bii kapena wa ubweya wogwera m'maso zimasochera. Zikatero sankhani kadontho kamodzi ka fokasi mukaike nokha pa diso limene lili pafupi ndi inu. Jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo umene umasunga zonse zimene kamera yatola, ndipo kamera izitola zithunzi zingapo motsatizana mukadina batani.

Ngati muli ndi foni yokha, gwiritsani ntchito lenzi ya 2x kapena 3x mutabwerera m'mbuyo, ndipo musamale ndi Portrait, njira ya mufoni yosungunula kumbuyo: kawirikawiri imadya ndevu ndi ubweya wa m'mphepete mwa makutu.

Yesani zonsezi pa chikwama chanu mutachiika pomwe galu akhale. Mukakhutira, ndiye abwere.

Mphindi 10 zoyamba si zojambula

Musamuthamangire, musamuweramire, musamuyang'ane m'maso. Nyonyomalani chammbali, muzicheza ndi mwini wake, galu akubwerereni yekha. Akakununkhizani, mulekeni anunkhizenso kamera ili pansi. Dinani batani kamera ikuyang'ana kwina, mumupatse kanyama. Bwerezani katatu kapena kanayi mpaka kulira kwa kamera kusanduke uthenga wabwino. Kwa galu wamantha, lenzi ndi chidiso chachikulu chosaphethira, ndipo munthu amene wabisa nkhope kuseri kwake ndi wokayikitsa. Kwa woterowo zimitsani phokoso la kamera ndipo muziyang'ana pa sikirini m'malo moika diso pa kabowo.

Phunzirani kuwerenga thupi lake, chifukwa mwini wake adzaliwerenga pa chithunzi ngakhale sangathe kufotokoza chimene chalakwika. Kuyasamula asali ndi tulo, kunyambita mphuno pafupipafupi, makutu ogonera kumbuyo, mchira wopanira, kutembenuza mutu uku choyera cha diso chikuonekera: zonsezi akunena kuti zamukwana. Imani, mulekeni ayendeyende, amwe madzi. Akauma thupi, pakamwa patatsekeka, maso ali tong'o pa inu, bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono. Palibe chithunzi chimene chingalipire chilonda cha pankhope.

Gonani pansi

Apa ndi pamene chithunzi cha katswiri chimasiyanirana ndi za mufoni zija. Lenzi ikhale pamzere umodzi ndi maso a galu, kapena kutsikirapo pang'ono. Kwa galu wamkulu mugwada. Kwa wamng'ono mugona chafufumimba, zigongono zili m'dothi. Walira mvula walira matope; valani zovala zoti simudandaula nazo. Elliott Erwitt, wa m'bungwe la ojambula la Magnum, amene anamwalira mu 2023, amadziwika ndi chithunzi cha ku New York cha mu 1946 cha kagalu ka chihuahua kovala juzi kali pafupi ndi mapazi a mayi wina. Mayiyo saoneka kupitirira m'miyendo. Kamera ili pafupifupi pansi penipeni, ndipo n'chifukwa chake kagaluko kamaoneka ngati mwini wa msewu wonse. Akadachijambula ataimirira, palibe akadachikumbukira.

Kugona pansi kulinso ndi phindu lina: kumbuyo kwa galu kumasiya kukhala nthaka, kumakhala mitengo ndi thambo lakutali. Ngati mawondo sakulolani, mukwezeni galu pa benchi kapena pa mwala waukulu wosaterera, mwini wake ali pafupi.

Mwini galu aime kumbuyo kwanu, pamwamba penipeni pa mutu wanu, chifukwa galu amayang'ana komwe kuli mbuye wake. Ngati wagwira chingwe, aime pambali achikwezere m'mwamba chammbuyo, chisakhudze khutu kapena kudutsa pachifuwa. Chikatero kuchifufuta ndi nkhani ya mphindi imodzi. Ndipo muuzeni mwaulemu kuti oitana galu ndi inu nokha. Anthu atatu akamafuula dzina limodzi nthawi imodzi, galu amangogonetsa makutu.

Yambani ndi zithunzi za nkhope, zothamanga zibwere pamapeto. Akathamanga, lilime limatuluka lonse n'kulendewera chammbali, maso amachepa, ndipo salibweza mpaka papite nthawi.

Phokoso ndi chuma, musamwaze

Makutu otchera ndi mutu wopendekeka zimabwera galu akamva chinthu chachilendo. Mawu ofunika ndi akuti chachilendo. Phokoso lililonse limagwira ntchito kawiri kapena katatu, kenako walizolowera. Ndiye musalize kachidole kuti muyesere. Poyamba konzani chithunzi chonse: kumbuyo kuli bwino, fokasi yagwira diso, chala chili pa batani. Kenako kamodzi kokha, tswii, kachidoleko kali kobisika m'dzanja pansi pa lenzi. Muli ndi sekondi imodzi kapena ziwiri. Tolani.

Yambani ndi timaphokoso tating'ono, muzikwera pang'onopang'ono. Makutu a galu amamva mpaka cha m'ma 45,000 Hz pomwe athu amalekezera pa 20,000 Hz, ndiye sipafunika kukuwa. Kupuma modzidzimuka, kutswanya kapepala, kaluzu kapansipansi, kulira ngati mphaka, kenako kachidole. Erwitt ankachita kuwauwa agalu kuti atchere makutu, ndipo manyazi pantchito imeneyi alibe malo. Ine ndalirapo ngati mwana wa galu pamaso pa banja lonse, ana akugudubuzika ndi kuseka. Mawu amene galuyo amawakonda kunyumba, monga "tiye" kapena dzina la mnzake, sungani a pamapeto. Dzina lake lenileni ndi loopsa: mukalitchula adzuka n'kubwera kudzanyambita lenzi.

Chakudya chimathandiza pa galu wosasamala phokoso, koma chimabweretsa dovu, ndipo ena akangodziwa kuti chili m'thumba lanu sachokanso pamphuno panu. Kwa oterowo, apatseni eni ake ndiwo asunge.

Pali agalu ena amene palibe chimene chimagwira. Amenewo mumangokhala nawo, kamera ili yokonzeka, mpaka mbalame idutse kapena chitseko chilire kutali. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zithunzi zambiri zimene eni ake amasankha zimachokera pa nthawi yotereyi, galu akuyang'ana kwina, ataiwala za inu.

Musanadine, yang'anani ngati m'diso muli kadontho kowala. Diso lopanda kadontho kameneko limaoneka lakufa. Mukasowa, tembenuzani galu ayang'ane kumene kukuchokera kuwala.

Wakuda ndi woyera

Kamera poyeza kuwala imaganiza kuti chilichonse chiyenera kutuluka chotuwa chapakatikati. Galu wakuda akadzaza chithunzi, imawalitsa mopyola ubweya n'kutuwa; tsitsani exposure, kuwala kwa chithunzi chonse, ndi sitepe imodzi kapena kucheperapo. Woyera akadzaza, imadetsa, iye n'kuoneka wauve; kwezani ndi sitepe imodzi, mukuyang'anitsitsa kuti ubweya usapserere n'kusanduka pepala loyera. Koma galu wakuda akakhala wamng'ono pakati pa malo owala kwambiri, zimatembenuka: kamera imatsatira kowalako, iye n'kukhala chithunzithunzi chabe.

Zimenezi ndinaziphunzira movutikira. Ndinajambulapo galu wakuda patsogolo pa khoma loyera, dzuwa likuomba khomalo. Pa kasikirini ka kamera zinkaoneka zokongola. Chikomekome cha mkuyu: nditazitsegula pakompyuta, panali chibowo chooneka ngati galu, chopanda maso, lilime lokha likuoneka. Ndinabwerera ulendo wachiwiri popanda malipiro. Kuyambira pamenepo, galu wakuda ndimamuika mumthunzi wowala bwino, kumbuyo kuli mtundu wapakatikati ngati masamba kapena njerwa, kuwala kukubwera cham'mbali kuti kunyezimira kwa ubweya kuonetse minofu ndi maonekedwe a mutu. Ndipo ndikatola zitatu zoyamba, ndimakulitsa chithunzi pa sikirini mpaka diso lidzaze, ndione ndi maso anga.

Wothamanga

Mwini galu amugwire chapatali, mamita 20 kapena 30, wina aime kumbuyo kwanu ndi mpira. Inu gonani pansi, fokasi igwire galu asananyamuke, ndipo muyambe kutola adakali kutali. Zambiri zidzakhala zotaya, musadandaule. Mukufuna chimodzi chimene miyendo yonse ili m'malere ndipo maso akuoneka. Maulendo atatu kapena anayi akwana. Izi zichitike pamalo otchingidwa, kutali ndi msewu.

Pakompyuta

Poyamba tayani, mopanda chisoni. Chilichonse chimene diso silili ngwee chipite, ngakhale china chonse chikhale chokongola bwanji. Chilichonse chimene makutu agonera kumbuyo chifukwa cha mantha chipitenso. Pa zithunzi 400, kupereka 20 kapena 25 zabwino kumaposa kupereka 100 zofanana.

Mu Lightroom kapena pulogalamu ina iliyonse yotsegula RAW, yambani ndi mitundu. Kapinga amaponya kubiriwira pachibwano ndi pachifuwa cha galu woyera, ndipo ubweya wakuda mumthunzi umatengera buluu wa kuthambo. Zichotseni pa malo okhawo ndi burashi, osati pa chithunzi chonse. Walitsani maso pang'ono chabe. Akapyola amaoneka ngati a chidole. Fufutani chingwe, manthongo, dovu ndi tiudzu. Koma chipsera chakale, khutu long'ambika, imvi za pachibwano, musazikhudze musanafunse. Kwa inu ndi chilema, kwa mwini wake ndi mbiri ya galuyo. Podula chithunzi, musadule nsonga za makutu kapena zala za kumapazi, ndipo kumene galu akuyang'ana kusiyeni mpata.

Ngati eni galu akufuna kukatsukitsa, chithunzi cha masentimita 30 ndi 20 pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi) chimafuna mapikiselo pafupifupi 3,550 m'litali, ndiye musadule mopyola. Muwapatse mafayilo awiri pa chithunzi chilichonse, yaikulu yotsukitsa ndi yaing'ono yoika pa intaneti, ndipo muwachenjeze kuti WhatsApp imachepetsa chithunzi ngati sichinatumizidwe ngati document. Za chiwerengero cha zithunzi, tsiku lozipereka, ndi chilolezo choti inu muzionetse polengeza ntchito yanu, mugwirizane polemba ntchito isanayambe.

Mafayilo a RAW asungeni malo awiri osiyana, ndipo musafulumire kuwafufuta. Pa foda lembani chaka ndi dzina la galu, kenako la mwini wake. Patapita zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi foni idzalira, munthu akufunsa ngati zithunzi zija mukadali nazo, ndipo dzina limene adzayambe kutchula ndi la galu.